Phala la aZakaliya

Mtedza ukamapsa pachiwaya, fungo lake limandibwezera kwa agogo anga aamuna, aZakaliya, atakhala pakampando m'kakhitchini kawo kwathu ku Lobi, utsi wa nkhuni za paini ukutulukira m'denga la udzu n'kukasakanikirana ndi nkhungu ija inkatsika m'phiri mwezi wa Juni. Anali bambo a mayi anga. Unyamata wawo wonse anathera ku Halale akuphikira azungu, ndipo pobwerako anabwera ndi sutikesi yachitsulo, chikhoto chakuda ndi masupuni awiri. Amuna anzawo ankawaseka kuti mwamuna salowa m'khitchini, koma akakhala ndi ukwati pakhomo ankawaitana okha kuti adzathire mchere m'nyama. Agogo pa zophika ankanyada kwambiri. Ukanatha kuwanena za dazi kapena za kuyenda kwawo kopendama, iwo n'kumaseka nawe, koma osati za mphika wawo.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka khumi, ndipo mlongo wanga Lusiya anali atangoyamba kukhala pansi yekha. Kusikelo anawauza mayi kuti bere lokha silikumukwanira, ayambe phala. Mayi analibe nthawi. M'mawa ankatsikira kudimba kukasamala mbatata ya kachewere, masana amayi onse a m'mudzi ankaitanidwa kukayeserera magule a msonkhano wa chipani, ndipo wojomba ankalembedwa dzina. Bambo ankagwira ntchito yocheka matabwa kuboma, kunyumba ankabwera Loweruka lokha. Choncho agogo anati za kudya kwa mwanayo aziona ndi iwo.

"Mkazi wangayu sadya zotsala," ankatero, poti Lusiya ankamutchula choncho monga amachitira agogo ndi adzukulu awo.

Ndinkawaonerera akugwira ntchitoyo ngati wansembe paguwa. Mgaiwa ankausefa kawiri pa kachitini kamene anakaboolaboola ndi msomali, mtedza ankaukazinga, kuupukusa m'manja, kuuuzira makoko, n'kuusinja m'kamtondo mpaka nsinjiro zitayamba kutulutsa mafuta. Tsiku lina ankaphika kachewere mmodzi n'kumunyenya ndi kuseri kwa supuni pamodzi ndi nkhwani wosinja, tsiku lina nthochi yakupsa. Nkhuku yawo ikaikira ankaswera dzira m'phalamo mwakachetechete, chifukwa amayi akuluakulu ankati mazira si a ana. Phala lake linkatsika pasupuni pang'onopang'ono, lachikasu, lonunkhira mpaka panja.

Chimodzi chokha chinkawavuta: manja awo anali atayamba kunjenjemera. Supuni ikafika pafupi ndi kakamwa ka mwana, theka linali litatayika. Ndiye kudyetsa kunagwera ine ndikaweruka kusukulu.

"Achimwene, uyambe walawa pamlomo kuti uone ngati lazizira," anandiuza tsiku loyamba, akundipatsa bakuli. "Mwana asapse."

Lamulo limenelo ndinalisunga kuposa malamulo khumi onse a pakatekisimu. Ndinkamunyamula Lusiya kupita naye kuseri kwa nkhokwe, kumene kunali kadzuwa ndipo mphepo siinkafika, n'kulawa. Kenaka ndinkalawanso, kuti nditsimikize. Lusiya anali asanazolowere supuni, ankaikankha ndi lilime, kutembenuza mutu, kulavula, pamene kubwalo anzanga anali atayamba kale mpira wachikulunga ndipo ndinkamva phokoso lawo. Supuni imodzi iye, zitatu ine. Pofika sabata yachiwiri nayo imodziyo ndinaiona ngati yongotaya nthawi. Ndikanakonda kulemba kuti inali njala, poti m'mabuku amene ndawerenga mwana wakuba nthawi zonse amakhala ndi chifukwa chomvetsa chisoni. Kwathu chaka chimenecho nkhokwe inali yodzaza. Phalalo linkangokoma basi.

Ndinkabweza bakuli ili mbee, agogo n'kuiyang'ana, n'kumuyang'ana mwana.

Mwezi woyamba mzere wa pakhadi la sikelo sunakwere. Wachiwiri unatsika. Mayi anabwerako maso ali psuu, chifukwa anesi anawafunsa pamaso pa amayi onse ngati mwanayo akumudyetsa mphepo. Lusiya anasiya kuseka. Tsitsi lake linayamba kufiira ndi kupyapyala, ankalira motsitsa ngati kamphaka, ndipo ukamunyamula ankangokutsamira. Ine zonsezi ndinkaziona, koma mutu wanga wa zaka khumi unkakana kulumikiza mimba yanga ndi khadi lija. Kapena unkadziwa, n'kumayang'ana kumbali. Mpaka lero sindinagamule.

Amene analumikiza zinthu, m'njira yawo, anali aNabanda, mayi wachikulire amene ankathandiza amayi pochira ndipo ankalangiza mabanja m'mudzi mwathu. Anamuvula mwanayo, kumutsina khungu, n'kugwedeza mutu.

"Phala akudya, bakuli ikumabwera yopanda kanthu, koma thupi likutha," anatero. "Ili ndi tsempho. Mwanayu wina wamusempha."

Ngakhale ife ana tinkadziwa tanthauzo lake. Mwana akadali wakhanda, bambo ake akayenda ndi mkazi wina, mwanayo ndiye amaonda. Ndipo bambo anga anali mkamwini, wokhala pamudzi pa akazi awo, wogona kuboma masiku asanu pa sabata.

Lamulungu titabwerako ku Misa akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba yathu. Ananu chokani, anatero, koma ine ndinangozungulira n'kukakhala m'khola la mbuzi, mmene ndinkamva zonse kudzera m'mipata ya mitengo. Bambo anakhala pansi penipeni, chipewa chili pabondo. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa zala zokhakhala ndi mabala a sowo.

"Ine sindinayende," anatero. "Ndimachoka kuntchito, ndimaphika ndekha, ndimagona. Funsani amene ndimakhala nawo."

"Amene mumakhala nawowo ndi amuna anzanu," anayankha aNabanda. "Fisi sachitira umboni fisi mnzake. Ululani, timupezere mwana mankhwala. Mukakana, ndiye kuti mwasankha kuti afe, ndipo pamudzi pano simungakhale."

Mayi ankalira chamumtima, Lusiya ali pamiyendo. Sanawayang'ane bambo ngakhale kamodzi, ndipo ndicho chimene chinandiopsa kuposa mawu onse. Ndinali ndi yankho la mlandu wonsewo m'mimba mwanga. Kuchokera m'kholamo kufika pansi pa pichesi panali mapazi osakwana makumi awiri. Ndinangokhala momwemo, ndikukanda mbuzi pakhosi.

Kenaka ndinamva agogo akutsokomola.

"Mkamwini musiyeni," anatero. "Mlandu ndi wanga. Maso atha, manja atha, koma ndinkachita manyazi kuvomera. Ufa ndikumathira wochepa, nsinjiro ndikumaiwala. Mwanayu ndakhala ndikumumwetsa madzi otentha ndikumati phala."

Ndiye aNabanda anaseka pang'ono. "Inu aZakaliya? Ophikira azungu aja?"

"Omwewo. Ndipatseni mwezi umodzi, mayi ake azindiyezera ufa. Mzere ukapanda kukwera, mkamwini amange katundu, ine sindidzalankhulanso."

Mawa lake nditabwerako kusukulu ndinawapeza ataphika kale. Phalalo linali lomwe lija la masiku onse, lolimba, lachikasu. Nditatambasula dzanja kuti ndilandire bakuli, sanandipatse.

"Khala apa," anatero, akuloza pansi pafupi ndi mwendo wawo. "Achimwene, ine ndatsuka mbale zambiri pa moyo wanga. Mwana akadya amada. Phala limakhala m'tsitsi, m'makutu, m'khosi, mpaka m'mphuno. Mkazi wangayu ankabwera kuchokera kuseri kwa nkhokwe ali woyera ngati akupita ku ubatizo, ndipo bakuli ili yonyambitidwa. Mwana wopanda mano sanyambita bakuli."

Ndinayang'ana phulusa.

"Ndinaona kalekale," anapitiriza agogo, "n'kumati usiya wekha. Pamenepo ndiye ndinalakwa ine, ndiye usaganize kuti dzulo ndinanama zonse."

"Muwauza bambo?" ndinafunsa. Mwa zonse zimene ndikanafunsa, ndinafunsa zimenezo.

"Dzina langa ndinalidyera kale ku Halale," anatero. "Lako silinayambe n'komwe. Tenga supuni."

Mwezi wonse ndinadyetsa Lusiya m'kakhitchini kaja, iwo atamugwira pamiyendo, utsi ukutilowa m'maso tonse atatu. Anandiphunzitsa kutapa pang'ono, kunsonga kwa supuni kokha, kuiika pamlomo wapansi n'kudikira kuti atsegule yekha. Akalavula ndinkawola pachibwano n'kubweza. Akagwira supuni ankati ndimusiye aseweretse, ndidyetse ndi inzake ija. Akatembenuza mutu tinkapuma, agogo n'kumamuimbira nyimbo ya Chishona imene mwina nawonso anali ataiwala tanthauzo lake. Bakuli imodzi inkatitengera nthawi yoti anzanga amalize mpira, akangane, n'kubalalika. Pomaliza tonse tinkakhala phala lokhalokha.

Mzere unakwera. Bambo sanachoke, ndipo aNabanda anawatumizira nkhuku, ngakhale mawu opepesa sanatuluke. Mayi anayambanso kuwathirira madzi osamba Loweruka. Koma agogo kuchokera pamenepo sanaitanidwenso kukathira mchere paukwati uliwonse. Tsiku la ukwati ankavala chikhoto chawo chakuda, kukhala pakhonde n'kumamvetsera ng'oma. Ndipo m'mudzi munabadwa mawu: tiyi akachepa masamba, thobwa likakhala lamadzimadzi, anthu ankati, ili ndi phala la aZakaliya. Ankanena iwo ali pomwepo. Agogo ankangomwetulira, manja akunjenjemera pa ndodo.

Anamwalira ndili Sitandade 8, kumene sukulu yanga inathera. Bambo nawo anapita osadziwa amene anawakhazika pansi pa pichesi paja. Ndinkati ndiwauza ndikakula, kenaka ndinkati ndikakwatira, kenaka anadwala ndipo ndinati ino si nthawi yake.

Chaka chatha kunali chinkhoswe cha mwana wa Lusiya. Lusiyayo tsopano ndi mayi wathupi, wamawu aakulu, amene amanyamula thumba la kachewere yekha. Thobwa litabwera, mtsikana wina amene anabadwa agogo atamwalira kalekale analawa, nakwinya nkhope.

"Aa, koma ili ndiye phala la aZakaliya," anatero.

Anthu anaseka, Lusiya anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine, wa imvi, amene anthu amandipatsa makalata awo kuti ndiwawerengere ndipo amati ndimadziwa mawu, ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti munthu ameneyo sanaphikepo phala lamadzi moyo wake wonse. Aliyense anali akusekabe. Ndinaseka nawo pang'ono, n'kumwa thobwalo.