Ketulo ya Aneba

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsapato anali mayi wodziwa kubisa. Chigamba ankachisokera mkati, mwini malaya n'kuiwala kuti panali bowo. Kunyumbanso zinali chimodzimodzi. Kukabwera alendo, makapu abwino ankatuluka m'kabati, ketulo yakale n'kuthawira kunsi kwa bedi ngati yapalamula. Ana atatu anawalera yekha ndi makina opalasa ndi phazi, koma panalibe kasitomala amene akanati mayiyu ndi wosauka.

Tsoka ilo, mwana wake womaliza anabadwa ndi luso lojambula, ndipo pensulo ya mtsikanayo sinkadziwa kunama. Tsiku lina sukulu inapachika zithunzi za ophunzira muholo, makolo n'kuitanidwa. Telala anasita diresi, ulendo, akuyenda monyadira.

Atangolowa anaiona. Ketulo yake ija inali pakhoma, pamaso pa anthu onse, chogwirira chomanga ndi waya, mwaye kunsi, ngakhalenso pamene inapindika itagwa. Inafanana moti munthu ukanaopa kuikhudza kuti ingakuotche. Manyazi anamugwira, n'kulakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Anthu anali ataunjikana pomwepo, ndipo pakati pawo panali mkazi wa dokotala, kasitomala wake wamkulu.

"Taonani wayayu, ngati weniweni!" anatero mkazi wa dokotala. "Malemu amayi anga anali nayo yotereyi, misozi yatsala pang'ono kugwa. Ndi ya kwanu, amayi?"

Pakamwa pa telala panayankha mutu usanaganize. "Aa, ife yotereyi? Ndi ya aneba. Anzathuwo zinthu sizikuwayendera."

Sanadziwe kuti mwana wake waima kumbuyo kwake. Mkazi wa dokotala anatembenukira kwa mtsikanayo. "Ndiye unachita kukabwereka, mwanawe?"

Mtsikanayo anayang'ana mayi ake kanthawi. "Eya, ndi ya aneba," anatero motsitsa mawu.

Anauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Telala ankafunitsitsa kunena kuti chithunzicho chinali chokongola, kuti sankadziwa kuti chinthu chimene wakhala akuchita nacho manyazi zaka zonsezi chingaimitse anthu chonchija. Koma atafika pakhomo anangodzikakamiza kuseka.

"Mawa ujambule makina angawa, wamva?"

"Musavutike, amayi," anayankha mwanayo mwaulemu, akuvula nsapato. "Za m'nyumba muno ndasiya kujambula. Ndingakuchititseninso manyazi."