Chaka Chimene Mng'ono Wanga Analeka Kugona

Mng'ono wanga anabwerera kunyumba mwezi wa Okutobala, nyengo imene dzuwa la ku Palabana limasungunula chilichonse chakutali. Ndinamuona akutsika minibasi ine nditaima pamsewu ndi zigubu za mkaka. Mpweya unkanjenjemera pamwamba pa fumbi, moti miyendo yake sinkaoneka bwino. Ankabwera ngati akuyandama, chikwama chofiira chili paphewa, nyenje zikulira m'mitengo yonse.

"Nabwela, ba sisi," anatero akundikumbatira. "Nalema nayo tauni."

Tinabadwa awiri okha, tonse akazi. Makolo athu anachokera ku Katete ife tisanabadwe, nadzapeza kamunda kufupi ndi sukulu yophunzitsa za ng'ombe zamkaka. Atate atamwalira, ine ndinatsala pamundapo ndi amama ndi ng'ombe zathu zitatu, pamene mng'ono wanga anapita ku Lusaka kukaluka tsitsi mu saluni. Manja ake anali amphatso. Ali ndi zaka khumi ankaluka kale anzake pansi pa mtengo wa mango, mizere yake yowongoka ngati wailemba ndi rula. Anakhala kutauniko zaka zisanu ndi chimodzi, akubwera pa Khirisimasi pokha.

Tsiku limenelo ndinaona kuti waonda, koma ndinadziuza kuti atsikana a kutauni amaonda mwadala. Maso ake anali aakulu, owala ngati a munthu amene wangomva uthenga wabwino.

Masabata oyamba aja ndimawakumbukira ngati maloto okoma. Pakhomo pathu panayera mmene sipanayerepo. Anachapa makatani onse, anakwecha khola mpaka simenti inaoneka, anapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Tsiku lina ndinamupeza atakhuthula chitini cha mabatani a amama, akuwasanja pamphasa mtundu ndi mtundu, ofiira paokha, oyera paokha, mpaka mphasa inaoneka ngati dimba la maluwa. Amama ankangogwira pakamwa.

"Mulungu watikumbuka," ankatero. "Mwana wabwela na mphamvu."

Mbiri ya manja ake inafika ku Silverest, kuja kukumera nyumba zatsopano za anthu ogwira ntchito ku Lusaka. Loweruka azimayi ankabwera pagalimoto, kuziimika pafupi ndi khola, n'kukhala pansi pa mango. Iye ankaluka akuyankhula, kuyankhula kosapuma, za saluni yake imene adzamange, ya magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Ndege zopita kubwalo zinkadutsa motsika pamwamba pathu, mthunzi wake n'kusesa azimayiwo mmodzimmodzi, fungo la mafuta a tsitsi likusakanikirana ndi la mango akupsa. Ine ndinkakhala pakhonde n'kumaganiza kuti moyo wathu watembenuka.

Koma sankadya. Mbale yake ndinkaichotsa mmene ndaiikira. Ndikadzuka m'mamawa kukakama, ndinkamupeza ali kale panja akuzula udzu ndi zala, bedi lake losagwidwa.

"Iwe, ugona nthawi bwanji?"

"Tulo ni twa anthu alibe mapulani, ba sisi," ankayankha akuseka.

Pakapita masiku anayi kapena asanu, ankagwa. Ankagona masiku awiri athunthu, pakamwa pali yasa, osamva ngakhale amama akumugwedeza. Akadzuka ankadya chilichonse chimene wachipeza, kenako n'kukhala kuseri kwa nyumba akulira popanda womulakwira. Madzulo ake ankati akupita ku Silverest kukagula tsitsi lolukira, ndipo pobwera maso aja anali atayakanso. Mababu a magetsi anayamba kusowa m'nyumba, la kubafa, kenako la pakhonde. Amama ankati mwina iwo omwe anawachotsa n'kuiwala.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika Loweruka lina, tsiku la phwando lolangiza mwana wa mnzanga wa kutchalitchi, amene ankakwatiwa. Mng'ono wanga anati andiluka yekha, kuti azimayi onse akandisirire. Ndinakhala pamphasa pakati pa mawondo ake nditangomaliza kukama. Zala zake zinali zopepuka pamutu panga, monga kale tili ana. Kunkatentha, nkhunda zikulira kutali. Ndinatsamira bondo lake ndipo tulo tinanditenga. Ndinalota atate akubwera kuchokera kudambo, atanyamula mabango.

Nditadzidzimuka, mthunzi wa mango unali utasamukira mbali ina. Khungu la pamutu linkandiwotcha. Nditagwira, ndinapeza kuti zonse zimene analuka wamasula, ndipo tsopano akufufuza tsitsi langa limodzilimodzi ndi nsonga ya chipeso.

"Ukuchita chiyani? Nthawi yatha!"

"Khalani chete, ba sisi," ananong'ona. "Muli na tumawaya mu tsitsi. Anakuikani."

"Ndani?"

Analoza kumwamba ndi chipeso. "Aja a mu ndege. Amvela zonse zamene tikamba. Osaopa, nizachotsa tonse."

Anakoka kwambiri, ndipo ndinamva chinthu chofunda chikutsika kuseri kwa khutu langa. Ndinatembenuka n'kumugwira manja onse awiri. Malaya ake a manja aatali, amene ankavala ngakhale kutenthe bwanji, anakwinyikira m'mwamba. Mikono yake inali zilonda zokhazokha, zina zouma, zina zaziwisi.

"Ni tudoyo, tuzilombo," anatero mofatsa, ngati akundiuza za nyengo. "Tuyenda pansi pa khungu. Nimatuchotsa na singano."

Kuphwando sindinapite. Ndinalowa m'chipinda chake iye akundiyang'ana, osandiletsa. Pansi pa matiresi panali babu lathu la pakhonde, loboola, lakuda ndi utsi. Pambali pake panali kapulasitiki ka timibulu toyera, ngati mchere wosasinja kapena galasi loswekasweka. Tinali tokongola ndithu. Padzuwa la pawindo tinkanyezimira.

Anandiuza zoona patapita masiku atatu, mphamvu ya mankhwalawo itamuthera. Tinakhala kuseri kwa khola. Anati dzina lake ndi methi, ndipo anthu amakoka utsi wake. Anayamba Disembala wina ku saluni, pamene akwati ndi operekeza awo ankadikira pamzere ndipo zala zake zinali zitatupa. Mnzake wa pa mpando woyandikana naye anamuuza kuti akakoka kamodzi kokha aluka mitu isanu osamva msana.

"Tsiku loyamba, ba sisi, ninamvela monga Mulungu wanisegulila mawindo yonse. Sininamvelepo bwino so. Manje zaka ziwili nili kusakila chabe tsiku lija. Silibwela."

Ku saluni anamuchotsa atayamba kukangana ndi makasitomala. Ndiye kutopa ndi tauni kumene ankanena kuja.

Amama atamva, anaitana azimayi a mapemphero. Anabwera asanu atavala zoyera, nazungulira mng'ono wanga akuimba. Iye anaona ngati abwera kudzamugwira, ndipo anathawira kumunda, n'kukabisala m'mapesi mpaka dzuwa kupendeka. Amama anakhala pansi pakhomo, miyendo atatambasula ngati pamaliro.

"Ninalakwa pati?" ankafunsa, osati ine, koma njira.

M'mawa mwake tinamutengera kuchipatala ku Lusaka. Mu minibasi anakhala pakati pathu atafunda chitenje kumutu. Namwino wina wachikulire anatikhazika pabenchi. Anatiuza kuti si ufiti, ndiponso si misala yobadwa nayo. Anati mankhwalawo amafinya chimwemwe chonse cha m'bongo nthawi imodzi, ndipo akaleka, munthu amatsala wouma kwa miyezi yambiri. Panalibe piritsi loti angomwa n'kuchira. Anamugoneka masabata atatu.

Anatuluka mvula itayamba. Dziko lonse linali litabiriwira, ngumbi zikutuluka m'zulu, achule akuimba kudambo, koma iye sankaona chilichonse. Ankakhala pakhomo tsiku lonse akuyang'ana madzi akudontha kuchokera pamalata. Tudoyo tunatha, anthu a mu ndege analeka kumumvetsera, koma naye ngati anapita nawo. Ndinkamuphikira bowa, chakudya chimene ankachikonda ali mwana. Ankatafuna pang'onopang'ono mbali imodzi, poti mano a mbali inayo anali atayamba kuphwanyika.

"Zonse zilibe mchele, ba sisi," anandiuza tsiku lina. "Osati ndiwo chabe. Zonse."

Mu Febuluwale anasowa. Ndinabwera kokapereka mkaka n'kupeza mpando wake pakhomo uli wokha. Tinamufuna masiku asanu ndi anayi. Potsiriza mayi wina wogulitsa tomato ku Silverest anandilozera kumapeto kwa mapuloti, kuli nyumba zosatha kumanga.

Sindidzaiwala malo amenewo. Nyumba zikuluzikulu zopanda madenga, udzu utamera m'zipinda mpaka m'chiuno, masitepe okwera kupita kopanda kanthu. Ukayang'ana pawindo unkaona mitambo ikudutsa mkati mwa nyumba. Agulugufe achikasu ankauluka m'makhonde. Ndinkalowa nyumba ndi nyumba ndikuitana, mawu anga n'kumabwerera kwa ine ndekha. Ndinkaona ngati ndikuyenda m'mudzi wa anthu amene sanabadwe.

Ndinamupeza m'nyumba yachisanu ndi chimodzi, atakhala pa mulu wa mabuloko, wopanda nsapato. Sanali yekha. Pakona panali mayi wina atavala siketi ya kuofesi yothimbirira, akukanda khoma ndi msomali. Ndinamuzindikira. Anali mmodzi wa azimayi aja ankabwera pagalimoto kudzalukitsa tsitsi pansi pa mango wathu. Sanatembenuke n'komwe.

Mng'ono wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akuyesa kukumbukira nyimbo.

"Mwabwela kunitenga?"

"Nabwela."

"Ningabwele. Koma sinilonjeza chilichonse."

"Sininakufunse lonjezo. Nyamuka."

Ndinamupatsa mapatapata anga, ine n'kuyenda wopanda nsapato mpaka pamsewu. Mayi uja ndinamuitana kawiri, koma anapitiriza kukanda khoma. Ndinauza anthu a pamsika kuti adziwitse abale ake. Sindinamve kuti zinamuthera bwanji, ndipo nthawi zina ndimamulota akukandabe khoma lija.

Papita zaka ziwiri tsopano. Sindinganene kuti mng'ono wanga anachira, chifukwa iye mwini salola mawu amenewo. Anagwanso kamodzi, chaka chatha nthawi yokolola, n'kubwera yekha patapita masiku atatu. Mano anayi anazulidwa, ndipo akamaseka amaphimba pakamwa. Amaiwala zinthu. Akhoza kuima pakati pa bwalo ndi ndowa m'manja, osadziwa kumene amapita. Lachinayi lililonse amakwera minibasi kukakumana ndi anzake a vuto lomwelo kuchipatala. Amaweta nkhuku. Amama anakalamba msanga m'zaka zimenezi, ndipo ine ndinaphunzira kumva phazi lililonse lotuluka pageti, ngakhale ndili kukhola.

Mwezi watha kunabwera mayi wina panjinga kuchokera ku Nkomeshya. Sitinkamudziwa. Anaima pageti nthawi yaitali asanaodire. Atakhala pansi anati wamva kuti pakhomo pano pali munthu amene anadutsa m'zimene mwamuna wake, womanga nyumba, walowamo. Ine ndinafuna kumubweza, poopa kuti nkhaniyo itosa chilonda. Koma mng'ono wanga anatulutsa mipando iwiri.

Ndinakhala pakhonde ndi amama tikusenda mtedza, ndipo ndinamva zonse. Anafotokoza popanda kubisa, zina zimene ngakhale ine sindinkazidziwa: kumene ankagona, zimene anachita kuti apeze timibulu tija, tsiku limene anaima pamlatho akuyang'ana madzi. Mawu ake anali odekha. Mlendoyo ankangopotokola nsonga ya chitenje chake.

"Osamubisa," mng'ono wanga anamuuza. "Manyazi ndiye amene amapha. Mupelekeni ku chipatala, olo akane kangati. Na imwe muzidya, muzigona. Ni ulendo utali."

Mlendoyo atatsanzika, mng'ono wanga anati amuperekeza mpaka pamsewu waukulu. Anagwira njinga ija n'kumaikankha, awiriwo akuyenda pang'onopang'ono mpaka anazimirira kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Kumsewu waukulu ndi kumene kumaima maminibasi opita ku Silverest. Ndinaimirira, makoko a mtedza n'kugwa pachitenje changa.

"Khala pansi," amama anatero osadzutsa mutu.

Ndinakhala. Tinasenda lichero lonse, n'kuyamba lina. Mphepo inkabweretsa fungo la udzu wopsa.

Mng'ono wanga anabwera dzuwa lisanalowe, atanyamula nthambi ya masuku imene anathyola m'njira.

"Mwamuna wake ali na zaka zanga," anatero akukhala pakati pathu. "Nawauza kuti Lachinayi tizapita tonse."

Anatenga mtedza wodzaza dzanja, nayamba kusenda.