Nthochi Yomera pa Manda a Dyton

Kwa Mwadzama Mayi Jenifa ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kondowole wosalala wopanda mibulu, ndi bulu wokalamba amene ankadya madeya popanda kugwira ntchito. Chinangwa ankaviika okha m'thamanda la kuseri kwa dimba mpaka chifewe ngati thonje, ndipo povundula ankapana mphika ndi mapazi, thukuta lili kamukamu. Za buluyo anthu ankawaseka. Iwo ankangoyankha kuti, "Ndi wa eni ake."

Eni akewo anali amuna awo, a Dyton, mkamwini wochokera ku Dwambazi, amene ankanyamula mpunga pa ngolo kupita nawo ku Boma. Anali munthu wanthabwala, wosasunga mawu m'kamwa. Bulu wake, dzina lake Mwera, ankamusamala ngati mwana: kumuzula nkhupakupa m'makutu, kumutokosa timiyala m'ziboda, kumupaka oyilo wakuda pa zilonda za pakhosi kuti ntchentche zisatere. Pomuitana sankatchula dzina. Ankaliza lilime m'mbali mwa tsaya, kaphokoso konga dontho logwera mu mtsuko, ndipo Mwera ankabwera ngakhale ali kutsidya kwa dambo. Ambiri anayesa kutsanzira, koma bulu sankawatembenukira.

M'masiku a chipani chimodzi, a Dyton anachita nthabwala ina pa msika, yokhudza makhadi a chipani. Madzulo Mwera anabwera yekha akukoka ngolo yopanda kanthu. M'mawa mwake kunafika amuna awiri osadziwika, nanena kuti munthuyo wamira m'nyanja ndipo mtembo sudzapezeka. Panalibe wofunsa chimene woyendetsa ngolo ankafuna m'nyanja, pakuti nthawi imeneyo funso linali mlandu. Choncho abale anachita monga achitira munthu womira: anazula thunthu la nthochi, naliveka malaya a a Dyton, naliika m'mphepete mwa manda. Koma analizula ndi chitsa chomwe. Mvula itagwa, pamtumbira panamera nthochi yobiriwira kuposa zonse za m'mudzimo. Mikoko yake inkapsa n'kuwolera pomwepo. Ndi Mwera yekha amene ankakonda kukaima pa mthunzi wake.

Zaka zinapita. Mayi Jenifa analima mpunga okha, nalera mwana wawo Talandira mpaka anakakwatiwa ku Dwangwa. Ngolo inaphwasuka matabwa chifukwa Mwera anakana goli la munthu wina aliyense.

Chaka chimene anthu anavota koyamba pakati pa zipani zambiri, masana ena a m'chilimwe, Mayi Jenifa akuyanika chinangwa pa thandala anamva kuti kumbuyo kwawo kwaima munthu. Potembenuka anaona mwamuna wowonda, wa imvi, atanjuta pa mtondo, manja ali pa mawondo. Chipsera cha pa chibwano anachizindikira. Lichero linawapulumuka.

"Abambo a Talandira?" anafunsa.

Munthuyo anawayang'ana, osayankha. Sanayankhe tsiku limenelo, ngakhale masiku otsatira. M'mawa ankatenga khasu n'kulima mpaka wina akamulande. Akamuitana ankanjuta pansi msangamsanga. Chakudya ankadyera choyang'ana khoma, ataphimba mbale ndi mkono. Tsiku lina Mayi Jenifa anamupeza pa khola akutapa madeya a bulu n'kumabwira. Mnansi wina anaonanso, ndipo dzuwa lisanapendeke mawu anali atafika pa chitsime: kwa a Jenifa kuli ndondocha.

Wophunzira angafulumire kunena kuti umenewo unali umbuli. Koma tiyambe tafunsa kuti ndondocha n'chiyani. Anthu amati ndi munthu amene afiti amuba, abale n'kulira maliro abodza, iye atamudula lilime, akulima m'munda mwa wina popanda malipiro, chakudya chake madeya. Nanga pa zonsezi, n'chiti chimene sichinachitikire akaidi amene ankatuluka m'ndende zaka zimenezo? Mudzi sunalakwitse pofotokoza chimene unaona. Unalakwitsa poopa wobedwayo m'malo moopa akubawo.

A Layson, mlongo wawo wa Mayi Jenifa ndiponso mwinimbumba, anabwera ndi abale n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. A Dyton ananjuta chapatali.

"Chemwali, tisazungulire," anatero a Layson. "Alamu anga ndinawaika ndi manja angawa. Uyu ndani?"

"Munaika nthochi, achimwene."

"Nthochiyo inavala malaya a yani? Ana akuopa kudutsa pano. Akazi akukana kuviika chinangwa m'thamanda lako. Munthu wanji wopikisana ndi bulu pa madeya? Alamu anga aja, pakamwa ngati wayilesi, angakhale chete chonchi?"

"Wayilesiyo ndi imene inawatengetsa."

"Ayasamule basi, tione lilime. Ngati lilipo, ndipepesa ndi nkhuku. Ngati palibe, pano sagona. Abwerere kumene achokera, kapena utuluke naye limodzi, dimba lisiyidwe kwa mbumba."

Anyamata awiri anayandikira. A Dyton analuma mano, misempha ya m'khosi ili njo, maso atatseka, ngati munthu amene anayasamulitsidwapo kale ndi anthu ena.

"Asiyeni!" anakuwa Mayi Jenifa. "Si mbuzi ya pa msika yoti muiwerenge mano."

Mumtima mwa Mayi Jenifa munali mantha amene sakanawaulula. Iwonso lilimelo anali asanalione. Anakhala ndi munthuyo nyumba imodzi, kumutsukira mbale, koma ngakhale chifuwa chake anali asanachimve. Anayang'ana ku khola, kenako analowa m'nyumba natulutsa chingwe chakale cha ngolo chimene chinkakhala pa mtanda. Anachiika m'manja mwa a Dyton.

"Abambo a Talandira, mpunga ukufunika kuchigayo. Bulu wanu ali kumanda. Kamutengeni."

Zala za a Dyton zinayenda pa mfundo za chingwecho. Anaimirira. Gulu lonse linawatsatira mwakachetechete, kudutsa m'minda ya chinangwa, dzuwa lili paliwombo. Kunalibe mphepo, komabe masamba a nthochi ya pamtumbira ankagwedezeka pang'onopang'ono. Mwera anali ataima pansi pake, mutu uli pansi, maso ake otuwa ndi ukalamba.

A Dyton anaima pamalire a manda. Anayang'ana mtumbira wawo nthawi yaitali. Kenako tsaya lawo linasuntha, ndipo kaphokoso kaja kanamveka, dontho logwera mu mtsuko.

Makutu a Mwera anaima. Koma sanatembenukire kwa a Dyton. Anatembenukira ku nthochi, naika mphuno pa dothi la pamtumbira, n'kumanunkhiza ngati woitanayo ali pansipo. A Dyton analizanso lilime. Buluyo anadzutsa mutu, nayang'ana uku ndi uku ngati waitanidwa ndi anthu awiri, kenako anayenda motsimphina nadzakhuza chipumi chake pa chifuwa cha a Dyton. Iwo anamugwira khutu, nalitembenuza, nazulamo nkhupakupa.

"Lilime lilipo," anatero mayi wina motsitsa mawu. "Wodulidwa lilime sangalize chonchija."

A Layson anati, "Lilipo, sindikana. Nkhuku ndibweretsa. Koma chemwali, unaona kumene bulu anayamba kuyang'ana?"

Mayi Jenifa anaona. Akanatha kutsutsa kuti nyama yokalamba imasokoneza kumene phokoso likuchokera, kapena kuti inazolowera fungo la malaya aja. Sanatsutse. Analanda chikwanje kwa mnyamata wina, nalowa m'mandamo osapempha chilolezo kwa munthu, nayamba kutema nthochi. Madzi ake anawathovukira kumaso ndi pa chitenje. Itagwa, anatembenukira abale awo akupuma mwabefu.

"A Dyton anali awiri, watsala mmodzi. Uyu ndi wanga. Wofuna kumuthamangitsa ayambe ndi ine."

A Dyton anamanga Mwera chingwe, ndipo atatuwo anatsogola kubwerera kumudzi.

A Dyton anakhala. Anakhoma matabwa atsopano pa ngolo, ngakhale Mwera sankathanso kukoka zoposa mitolo ya chinangwa kuchokera ku thamanda. Madeya analeka kubwira Mayi Jenifa atayamba kuwasiyira mkute m'thumba la malaya, kuti akhale ndi chawochawo chobisa. Patapita nthawi anayamba kudya choyang'ana anthu. Mawu enieni sanabwerere, kupatula tsiku lina pamene analawa kondowole nanena momveka bwino kuti, "Wapsa." Mayi Jenifa anatuluka panja kukalira.

Koma nthochi siifa ndi chikwanje. Mvula yoyamba ikangogwa, pamtumbira paja pamatuluka mphukira, yobiriwira ngati kale. Mayi Jenifa amapitako okha, asanafese mpunga, n'kukaidula. A Layson anawauzapo kuti angokumba chitsacho zithe. Iwo anakana, pakuti kukumba chitsa ndiko kufika pa malaya, ndipo safuna kudziwa ngati malayawo akadali pomwepo.