Kapitawo ndi Tinjuchi ta Pansi

Mai Fainess a ku Kapichi anathyola tiyi pa esiteti zaka makumi awiri, mpaka msana unakana. Anatsala ndi kamunda ka nandolo kuseri kwa nyumba, ndi kamtunda kadazi m'mphepete mwake, pomwe sankalola munthu kugwetsapo khasu.

Pakamtundapo pankakhala tinjuchi. Osati njuchi za mumng'oma ayi. Iti n'tapansi, kalikonse ndi una wake, topanda mfumu, topanda uchi. Ukafukula umangopeza timatumba tonyezimira ngati pepala la suwiti. Chaka chonse pamakhala zii, koma nandolo akangochita maluwa mu Julayi, tinjuchito mbwee! Maluwa a mango timangowadutsa. Mai Fainess anaona kalekale kuti chaka chimene tatuluka tambiri, nandolo amabereka mpaka nthambi kuwerama, ndipo ndiwo sizisowa pakhomo kufikira dzinja.

Vuto linali amuna awo, a Jonas, kapitawo wopuma. Ukapitawo anausiya ku esiteti, koma iwo sunawasiye. Munthu wofoletsa ndi nkhuku zomwe m'mawa!

"Antchito anji ogwira miyezi iwiri pachaka?" ankatero ataima pakamtunda, manja kumbuyo. "Uchi palibenso. Ndi malo awa, dothi lili pamtunda chonchi? Ku kampani ndi mlandu umenewu."

"Bambo a Queen, kuno si ku kampani. Pasiyeni pamenepo."

Mawu amenewa Mai Fainess anawanena mpaka kukhosi kuuma, koma ankalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Mu Febuluwale Mai Fainess anapita ku Luchenza kukadwazika mchemwali wawo, ndipo matenda anawasunga kumeneko miyezi inayi. A Jonas anapeza danga. Pa esiteti dothi lapoyera amaliphimbira ndi udzu wa gwatemala kuti lisakokoloke, ndiye iwo anasenza mitolo, n'kuyala pakamtunda ponse mpaka m'mawondo, n'kupondaponda bwinobwino. Mvula inachita zake.

Pobwera mu Juni, Mai Fainess anapeza udzu utawolerana, pansi pali chinyontho ndi chiswe. Mtima unawawawa. Anangogwada n'kuyamba kukokolola ndi manja, amuna awo ali chiimire.

"Koma ntchitoyo ndi ya sitandadi, mai a Queen."

Mai Fainess anapitiriza kukokolola.

Julayi anafika, nandolo anachita maluwa achikasu munda wonse. M'mawa uliwonse Mai Fainess ankakhala pakamtunda kudikira. Sabata inatha, inanso inatha, maluwa anayamba kuyoyoka. A Jonas nawo anayamba kubwera, chipewa m'manja, osalankhulanso za kampani.

Tsiku lina dzuwa litakwera, kadothi kanasuntha. Kanjuchi kamodzi kanasuzumira, kanapukuta kumaso, n'kuulukira ku nandolo. Anadikira tina mpaka masana, koma sikanatulukenso kena.

"Wabwera ku ntchito ndi mmodzi yekha," anatero a Jonas motsitsa mawu.

Mai Fainess anadzuka, n'kusasa chitenje.

"Enawo munawachotsa ntchito ndinu, a kapitawo. Chaka chino mudyera gwatemala."