Katani Imene a Glenys Anatseka

A Wilf Kearton amagona m'nyumba yomwe anabadwiramo, kumtunda kwa chigwa cha Swale, ndipo masiku amene anagonapo kunja kwa famu yawo mukhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Awiri mwa masikuwo anali a kuchipatala. Munthuyu ndi wa nkhosa basi. Ngakhale pa tsiku la ukwati wake anachoka pa phwando dzuwa likadalipo, ati kumwamba sikukuoneka bwino.

Akazi awo, a Glenys, anapirira zaka makumi anayi akupempha chinthu chimodzi chokha: kukaviika mapazi m'madzi ofunda a nyanja ya Mediteraniyani, pa chilumba cha Krete. Chaka ndi chaka ankabwera ndi timabuku ta zithunzi za kumeneko, ndipo yankho linali lomwelo: "Zikangoswa nkhosazi." Zikaswa, pali kumeta ubweya. Akameta, pali kumweta udzu wosungira ziweto. Udzu ukalowa m'nkhokwe, wafika msika wa nkhosa zamphongo. Timabukuto tinkathera kukolezera moto.

Mu Malichi chaka chino mwana wawo Heather, amene kwenikweni ndiye akuyendetsa famuyo ngakhale bambo ake savomereza, anawapezera makolo akewo masiku awiri ku hotelo yapamwamba ya kumudzi, ulendo wa maola awiri pa galimoto. Asanatsike n'komwe, a Glenys anatambasula dzanja.

"Foni ija kuno. Ndipo mumvetsetse, bambo inu. Masiku awiri, foni ayi, nkhosa ayi. Mukapirira, Lamlungu m'mawa tisankha tsiku la ku Krete tili awiri. Mukalephera ndinyamuka ndi mng'ono wanga Sheila, ndipo sindidzakupemphaninso mpaka m'manda."

"Masiku awiri okha? Zachibwana," anatero a Wilf.

Kamwa linanena, koma thupi linakana. Bedi linali lofewa moti msana unawawa. Manja anasowa chogwira. Anazungulira dimba la maluwa katatu, n'kupeza kuti mpanda wa miyala wa pahotelopo anaumanga munthu waulesi, ndipo anatsala pang'ono kuyamba kuukonza. Chakudya chitabwera, kanyama ka nkhosa kongokwana pachikhatho kali ndi duwa pamwamba, anafunsa woperekera zakudya kuti nkhosayo inali ya famu ya yani. A Glenys anawaponda phazi pansi pa tebulo. Mphindi iliyonse maso anali kumitambo, mtima uli kwa nkhosa zawo mazana atatu za bere zimene zinatsala ndi masabata atatu kuti ziyambe kuswa.

Komabe anafika Lamlungu. Anatuluka m'bafa atavala mkanjo woyera wa pahotelo ndi masilipasi, n'kupeza tiyi ali pa tebulo, timabuku ta Krete tatayalidwa, a Glenys atakhala chofulatira zenera. Katani inali yotseka. Izi zinawadabwitsa, chifukwa mayiwa amatsegula makatani ngakhale kunja kukugwa chipale chofewa. Anapita n'kuikoka.

Kuseri kwa mpanda kunali busa la eni ake, ndipo pakati pake nkhosa imodzi inali gone chagada, miyendo inayi m'mwamba. Mlendo wa m'tauni akanati ikusewera. Koma nkhosa ya bere ikagudubuka choncho, ubweya uli wonyowa, siyingadzuke yokha. Mimba imafufuma, mpweya umabanika, ndipo akhwangwala sadikira kuti ife, amayamba ndi kuijompha maso. Awiri anali atatera kale pa mpandapo.

"Si yanu," anatero a Glenys osatembenuka.

"Ndikudziwa."

"Ili ndi mwini wake."

"Mwini wakeyo kaya ali kutchalitchi, kaya akuliza mkonono."

"Kauzeni a pa ofesi pansipo."

"Aja ovala mataye aja? Pofika poti apeze nambala yake, yafa kale."

"Wilf. Khalani pansi, tiyi akuzizira."

Anakhaladi pansi, ndipo pamenepo tiwayamikire. Anatenga kabuku kamodzi, n'kuyang'ana madzi obiriwira ndi tinyumba toyera, koma sanaone kanthu. Bondo linkangonjenjemera lokha. Kenako, cham'mbali mwa diso, anaona khwangwala mmodzi akudumphira pansi.

Alendo amene ankadya kadzutsa m'chipinda chachikulu anangoona nkhalamba ya mkanjo woyera ikudutsa pa kapinga, silipasi imodzi itatsala m'maluwa. A Wilf anakwera mpanda, anagwira nkhosayo ubweya wa paphewa, n'kuigudubuza. Sanaisiye msanga. Anaiimika pakati pa mawondo awo, akuisisita miyendo mpaka dzanzi litatha, ndipo inachoka ikudzandira kupita kwa zinzake. Kwa nthawi yoyamba m'masiku awiri mtima wawo unakhala m'malo. Atatembenuka n'kuona zenera la chipinda chawo, unagwanso.

Anakwera masitepe pang'onopang'ono, matope mpaka m'mawondo. Timabuku tija tinali titasonkhanitsidwa pamodzi. Maso a Glenys anali ofiira.

"Yaima?"

"Yaima. Ikuoneka ngati ili ndi mapasa." Anakanda kumutu. "Ndalephera, mkazi wanga. Muimbire foni Sheila."

A Glenys anazunguza kapu pa mbale yake.

"Ine ndinaiona inu muli m'bafa," anatero. "Ndinaiona bwinobwino, ndi akhwangwala omwe. Ndiye ndinatseka katani."

"Iwe?"

"Ine ndemwe. Ine amene ndafunditsa tiana tankhosa tozizidwa mu uvuni wanga wofunda zaka zonsezi, amene ndatiyamwitsa ndi botolo pamiyendo panga. Ndinakhala pano n'kumathira tiyi, ndikudziwa kuti ikufa, kuti mwina mwamuna wanga akhale nane ola limodzi. Mwandifikitsa pamenepo, Wilf."

Akanalalata zikanapepuka. A Wilf anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Ankamudziwa mkaziyu: sakanatha kusiya ngakhale mpheta yothyoka phiko. Zaka makumi anayi za "zikangoswa" ndizo zinakoka katani imeneyo, ndipo dzanja lenileni linali lawo.

Anatola kabuku kapamwamba, chala chamatope chikudetsa nyanja ya pachikuto.

"Lembetsa Epulo."

"Musandiseke. Epulo ndi pamene zikuswa."

"Mwezi umenewo ndimaudziwa kuposa iwe. Heather ali ndi manja awiri ngati ine. Lembetsa sabata yachiwiri, pamene zimaswa usana ndi usiku, kuti ndisadzapeze ponamizira."

A Glenys anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa foni. Sanawabwezere, anayamba kudina okha. A Wilf anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo, chofulatira zenera lotsegula. Kunja nkhosa ina inalira, bondo lija linayambanso kunjenjemera, ndipo analigwira ndi manja onse awiri.