Chithunzi Chimene Chinaphimba Kagetsi ka Injini

Tsiku limene galimoto ya Sienta inamuthera petulo pamsewu wa ku Nsaru, okwera n'kutsika akunyoza, Loyce anatsala pachiwongolero akulira. Galimotoyi ndi yokhayo imene malemu mwamuna wake, Amon, anamusiyira yolerera ana. Loyce ankanyamulira anthu opita m'tauni, koma inkamwa mafuta ngati chidakwa, utsi uli bii.

Mlamu wake, a Godfrey, sanabise mawu. "Mlamu, chitsulochi chikukudyani. Tikakolola mtedza, tigulitse basi."

Loyce anakana. Anasintha mapulagi, anasintha sefa ya mpweya, zonse mongoganizira, koma ayi ndithu. Pomaliza anapita ku Msundwe kwa a Isaki, makaniko amene amayeza galimoto pa kompyuta.

A Isaki atasuzumira pa dashibodi anafunsa, "Mayi, chithunzichi anamata ndani apa?"

Chinali chithunzi cha ukwati wawo, chomatidwa pakona ya galasi loonetsa liwiro ndi mafuta. Loyce ankachipukuta m'mawa uliwonse, osachisuntha.

"Ndi bambo a ana. Chisiyeni."

"Ine sindichigwira. Matulani nokha."

Loyce anamatula chithunzicho. Kuseri kwake kunali kagetsi kachikasu ka chizindikiro cha injini, kali ngwee. Amuna inu! Kanamutopetsa Amon kagetsiko, ndiye anangokaphimba ndi nkhope ya mkazi wake. Loyce anaseka, misozi ili mbwe.

Kompyuta inaloza sensa ya okisijeni, kachitsulo ka pa ekizozi kamene kamanunkhiza utsi n'kudziwitsa injini mafuta oyenera kumwa. Kakafa, injini imangomwa chimweremwere. A Isaki anayamba aona mawaya, n'kupeza ali bwinobwino. Yofa inali sensayo.

"Ndiphunzitseni, ndisinthe ndekha," anatero Loyce.

Ekizozi itazizira, anamanga chitenje n'kulowa pansi pa galimoto. Sensa inali itagwira dzimbiri. Anathira mafuta ofewetsa, n'kudikira, n'kuyesanso. Sipanala inaterereka n'kumusupula zala, koma sanatuluke mpaka inamasuka. Sensa yatsopano imene a Isaki anamupatsira anayamba waipota ndi dzanja kuti ilowe mowongoka, kenako anamanga ndi sipanala n'kulumikiza waya wake. A Isaki anafufuta uthenga wa vutolo pa kompyuta, Loyce n'kuliza injini. Kagetsi kanazima, ndipo sikanayakenso.

Mtedza unakololedwa, galimoto sinagulitsidwe. Lero Loyce ali ndi kamakina kakekake koyezera galimoto, ndipo Loweruka madalaivala amafola pakhomo pake, ena atamata kagetsi kaja ndi tepi yakuda. Chithunzi cha ukwati anachikoleka pakhoma m'nyumba.

Inu amene zakuthinani, mwina chimene chikukudyani munachiphimba ndi chinthu chimene mumachikonda kwambiri. Kumatula kumawawa, sindikukana. Koma musataye mtima, ndipo musadikire kuti wina akumatulireni. Matulani nokha.