Mtedza wa Mbewu Umene Ndinakazinga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinadziyesa katswiri wa geni. Ndinali sitandade sikisi, matipate atangoyamba kumene, aliyense akukamba za bizinesi. Kwathu ku Mlonyeni amayi ankalima mtedza. Loweruka lililonse ankakazingako, kuwaza mchere, n'kundituma kuboda kukagulitsa kwa madalaivala a mathiraki odikira mapepala awo. Ankafuna kuti tindalamato tikachuluka agule njinga, azikapereka mtedza wa matumba kuboma m'malo mogulitsa wa timbale.

Madalaivala aja sanachedwe kuona kuti mutu wanga ndi wofewa. Wina wa ku Chipata, wamimba yotsogola, ankakuwa ali patali: "Abwana a mtedza! Ikaniko mbasela, imwe ndimwe olemera!" Ine ndikangomva zoti abwana, ndinkatapa dzanja lodzaza n'kuwonjezera pakambale. Beseni linkatha dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo ndinkawamvera chisoni anzanga a nthochi kuti geni saidziwa.

Koma ndalama zinkaperewera pa zimene amayi ankayembekezera. M'malo mochepetsa dzanja, ndinayang'ana kudenga. Pamtanda pankalendewera thumba la mtedza wamakoko, wonenepa, umene amayi anasankha okha umodziumodzi. Ndinkadziwa bwino kuti ndi mbewu. Koma masamu anga anandiuza kuti mtedzawu sitinagule, ndiye ndalama iliyonse yotulukamo ndi phindu lokhalokha.

Amayi akapita kudimba ndinkatapa, kusenda, kukazingira kuseri kwa khola, n'kubwezera makoko ndi zitsononkho m'thumba kuti lizioneka lonenepabe. Ndalama zinayamba kukwana, zotsala n'kumagulira sikono. Tsiku lina ndinawamva amayi akuuza anzawo pachitsime kuti, "Mwana wangayu ali ndi dzanja la malonda." Mawu amenewo amandiwotchabe mpaka lero.

Mvula yoyamba itagwa, dothi likununkhira, amayi anakwera pampando kuti atsitse thumba lija. Anakunga mikono poyembekezera kulemera, koma linangotsika ngati pilo. Anakhuthulira pamphasa: makoko, zitsononkho, ndi mtedza wosadzaza n'komwe lichero.

"Makoswe a chaka chino ndi ophunzira," anatero motsitsa mawu. "Akadya akumamanganso thumba."

Ndinaulula mamina ali chuchuchu, komabe ndinayesa kudziteteza. "Koma amayi, ndalama zake ndinkakupatsani."

"Unkandigulitsira munda wa chaka chamawa pamtengo wa sikono. Mwanawe, phindu ndi chimene chatsala mbewu itabwerera m'thumba. Kupanda apo ukungodya mpamba, ngakhale beseni lizitha m'mawa."

Sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Pofika nthawi yodzala, mbewu inali itakwera mtengo, ndalama za njinga zonse zinathera pomwepo koma osakwana. Amayi anakagwira ganyu m'munda wa fodya wa eni ake kuti alipidwe mtedza. Ndinkawaona akubwera madzulo, matope mpaka m'maondo, kanthu kochepa atamanga kunsonga kwa chitenje. Tinadzala mochedwa, theka la munda lokha, ndipo mtedza wochedwa subereka. Chaka chimenecho kunalibe wokazinga. Za njinga sanazitchulenso.

Lero ndili ndi kagolosale kanga. Ndawerenga mabuku a bizinesi ogula pamsika, ena opanda chikuto, odzaza mawu aatali oti ndimachita kuwatchula ndili ndekha. Onsewo amazungulira n'kudzafika pamphasa ya amayi paja: katundu kutha msanga si phindu, ndipo chimene sunagule ndi ndalama chili ndi mtengo wakebe, wina anachikhetsera thukuta. Mbasela ndimaikabe, koma ndi nsonga za zala.

Chaka chilichonse mvula isanagwe ndimawapititsira amayi thumba la mbewu. Akalamba tsopano, koma asanathokoze amaliika kaye kukhutu n'kuligwedeza.